Fexon ndi Seva Yolira Ngati Boti

Ku Mbamba Bay mukafunsa kuti fundi wa mawailesi ali kuti, akulozerani pakhonde la ofesi ya chama cha asodzi, kumtunda pang'ono kwa doko. Pamenepo pali tebulo lopendekera, bokosi la timisomali ndi tinthambo, ndi bambo wamfupi wadazi wovala magalasi omanga ndi waya. Ameneyo ndiye Fexon. Kwawo ndi ku Nkhotakota. Anaoloka nyanja zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo atanyamula chikwama cha zipangizo za wailesi, ati akagulitse n'kubwerera pa sitima ya sabata yotsatira. Sitimayo yabwera n'kupita maulendo osawerengeka iye ali pomwepo, chifukwa padoko anakumana ndi Fortunata, mtsikana wa ku Mbaha wogulitsa mandazi, amene sanaseke ngakhale kamodzi pomva Chiswahili chake chothyokathyoka.

Munthu wokwatira kwa eni ake alibe munda wake, alibe manda a makolo, alibe mbale woti akamuyankhulire pa mlandu. Fexon anali ndi chinthu chimodzi basi, dzina labwino. Zaka zonsezi panalibe amene anataya ngakhale kabatire m'manja mwake. Dzina limenelo ndi limene linachititsa kuti a chama amulole kuika tebulo pakhonde lawo, ndiponso kuti amuna a m'tauniyi azimutchula shemeji, ndiye kuti mlamu, m'malo mwa "Mmalawi uja". Iye ankadziwa bwino kuti mawu awiriwa amakhala moyandikana m'kamwa mwa anthu, ndipo ankasamala ngati munthu wonyamula mazira pa njinga.

Ntchito yake ankagwira ndi khutu. Wina amayamba n'kumasula wailesi yonse, matumbo panja. Fexon ayi. Ankayatsa kaye, n'kugunditsa khutu, maso atatseka, kenako n'kunena kuti, "Apa pali kawaya kakutsanzika." Akatsegula, kawayako kanalidi pompo.

Ndiye kunabwera seva. Bungwe lina la kunja linapatsa chamacho kompyuta yaikulu yosungiramo mayina a maboti, eni ake ndi nsomba zimene zatsika padoko. Anabwera nayo ndi Godlisten, katswiri wa ku Songea wa nsapato zosongoka, amene anaikhazika pakona pa ofesi, kuseri kwenikweni kwa khoma limene Fexon amatsamira. Anaonetsa Fexon tsamba la pa sikirini loonetsa mmene m'kati mwa makinawo mukutenthera, anasiya nambala ya foni, n'kukwera basi. Miyezi isanu sevayo inkangopuma pansipansi, osavutitsa munthu. Lolemba lina m'mawa, popanda amene anaigunda kapena kuitukwana, inangoyamba kuti wuuu, osalekeza.

Abale, linali phokoso. Munthu akamalankhula mu ofesi muja unkangoona milomo ikugwedera. Mbuzi zimene zinkakonda kugona pamthunzi wa khondelo zinasamukira kutchalitchi.

Koma wapampando wa chamacho, Mzee Alois, amene aliyense ankangowatchula kuti a mwenyekiti, atalowa n'kumva, nkhope yawo inawala. Iwowa ndi munthu wa m'madzi, mwini maboti atatu, wansangala, wosasungira munthu mangawa. Ali mnyamata injini inawathimira pakati pa nyanja kukuomba mwera, ndipo anayandama masiku awiri akumwa madzi ndi kupemphera. Kuyambira pamenepo, kwa iwo injini yolira ndi moyo, injini ya zii ndi imfa. Anaima kutsogolo kwa seva, manja kumbuyo, n'kupendeketsa mutu.

"Tsopano yayamba ntchito," anakuwa motero kuti amveke. "Miyezi yonseyi inkangotenthetsa thupi. Mukuimva? Iyi ndi fote hosi."

Fote hosi ndi injini zikuluzikulu zija za maboti onyamula katundu. Basi nkhani inafala. Asodzi ochokera ku Lituhi akabwera kudzalembetsa maboti awo ankavula zipewa pakhomo. Dzina likalembedwa ankaima kaye kumvetsera, n'kumagwedeza mitu kuti eya, lalowadi, imvani mmene ikuligayira. A mwenyekiti mlendo aliyense wobwera m'tauni ankamutengera ku ofesi kuti akamve makina, mmene ena amatengera alendo kukaona ng'ombe kukhola.

Amene ankaona zakuda ndi Odilia, mlembi wa chamacho, mayi wa ana atatu, amene tebulo lake linali mapazi awiri kuchoka pa seva kuyambira eyiti koloko mpaka folo. Patatha mwezi anayamba kulankhula mokuwa ngakhale kunyumba, mpaka mwamuna wake anamufunsa kuti wamulakwira chiyani. Choipitsitsa chinali kukwaya. Odilia waimba alito kwa zaka khumi ndi zisanu, koma tsopano m'makutu mwake munkangolira wuuu, ndipo ankalowa nyimbo pena paliponse. Woimbitsa anamusamutsira kumbuyo, pafupi ndi chitseko, n'kumupempha mwaulemu kuti azingotsegula pakamwa.

Anakadandaula ku komiti. Komitiyo inakumana maola anayi pansi pa mtengo wa mango, poti mu ofesi simukanamveka kanthu, ndipo inagwirizana kuti makina ogwira ntchito molimbika chonchi ayenera kuti akumva kutentha. Anabweretsa fani yaikulu yoimirira kuti iziuzira seva. Taganizani, m'kati mwa seva muli kale timafani, ndipo phokoso lonselo linali la timafanito, iwo n'kukatiitanira mkulu wawo kuti adzatipepese. Phokoso linangowonjezeka. Sabata yotsatira anaika beseni la ayezi wa nsomba pansi pa tebulo. Ayezi anasungunuka, ofesi inanunkha usipa, ntchentche zinabwera ndi abale awo, seva ili wuuu. Komiti inalemba m'buku lake kuti nkhaniyo yakambidwa.

Fexon nayenso zinamufika pakhosi. Khoma lonse linkanjenjemera kumsana kwake, ndipo khutu lake lija linasiya kugwira ntchito. Mawailesi awiri anabwezedwa sabata imodzi, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo. Anapita kuseri kwa msika kumene kunali bata n'kuimbira Godlisten.

"Zimitsani, muyatsenso," anatero Godlisten, akutafuna kanthu.

Fexon anazimitsa, anayatsanso. Wuuu. Anaimbanso.

"Ndiye tsegulani tsamba lija ndinakuonetsani. Manambala akuti bwanji?"

Manambala anali anayi. Atatu anali bwinobwino: 41, 43, 38. Wachinayi, wa mpweya wolowera kutsogolo, ankati 127. Fexon anaika chikhatho kutsogolo kwa seva. Kunali kozizira ngati botolo la madzi. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuomba, iye mwini atavala juzi.

"Achimwene," anatero pa foni, "pa handiredi madzi amakhala atawira kale. Pa 127 dzanja langa likanapsa. Chinthuchi chikunama."

"Eya, ndi sensa imeneyo," anayankha Godlisten. Anafotokoza kuti kutsogoloko kuli kachipangizo kakang'ono koyeza kutentha, ndipo seva imakhulupirira chilichonse chimene kachipangizoko kanena. Kakanama kuti kwatentha, kapena kakangosowa osayankha, seva imachita mantha n'kuthamangitsa timafani tonse mpaka mapeto kuti idzipulumutse. "Koma tikamathamanga chonchi usana ndi usiku titha msanga. Tikadzafa, pamenepo ndiye idzapsadi. Ine ndibwera mwezi wamawa."

Mwezi wamawa umenewo anaunena katatu pa miyezi itatu. Ulendo wachitatu anawonjezera kuti, "Inu si fundi? Tsegulani nokha, simuluma."

Mpata unapezeka pamene a mwenyekiti anapita ku Mpepo ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Ponyamuka anaika kiyi m'manja mwa Fexon. "Shemeji, muziyang'anira injini yathu. Isathime." Fexon analandira kiyiyo ndi manja awiri. M'mutu mwake, kuyang'anira chinthu chodwala n'kuchichiza, ndipo sanaone chifukwa chofunsira kawiri.

Lachiwiri m'mawa, dzuwa lili ngwee, Odilia ali pompo kuti aone zonse, anazimitsa seva mwadongosolo n'kuchotsa chivindikiro. Timafani tisanu tinali pamzere. Anatizunguza kamodzikamodzi ndi chala, akumvetsera. Tonse tinali tamoyo. Anatsata tinthambo mpaka kutsogolo, kuseri kwa kagetsi kabuluu kamene kamayaka usana ndi usiku, ndipo anapeza kabolodi kochepa ngati chikhadabo katakutidwa ndi zinthu zakuda zoumbika. Anapala pang'ono, ananunkhiza, n'kuyamba kuseka.

"Mlongo, tabwerani mudzaone ndiwo."

Zinali nkhungu, tizilombo ta m'nyanja tija timatuluka m'madzi ngati utsi nyengo ya mvula, amayi n'kumatikola ndi madengu. Odilia anakumbuka kuti kutatsala sabata kuti phokoso liyambe nkhungu zinagwa m'tauni masiku atatu, mpaka anthu ankayenda atatseka pakamwa. Zinatsata kagetsi kabuluu kaja, timafani n'kuzikokera m'kati, n'kukaferana pa kasensa. Chinyezi cha kunyanja chinamaliza ntchito. Katswiri wa ku Songea akanazidziwira kuti zimenezi, poti kwawo nkhungu amangozimva?

Fexon anadzaza kabokosi ka machesi ndi nkhungu zoumazo. Anamasula kabolodi kaja, anakatsuka ndi mswachi wakale ndi sipiriti, anatuluka nako panja kuti kaume padzuwa, kenako anakabwezera n'kukankha kawaya kake mpaka kanati tswa. Atayatsa, seva inayamba ndi wuuu yemwe uja, ndipo nkhope ya Odilia inagwa. Fexon anakweza chala kuti adikire. Patapita mphindi imodzi phokoso linatsika, linatsikanso, mpaka linangotsala kampweya ngati ka munthu wogona. Pa sikirini, pamene panali 127 panali 24.

Odilia anakhala pampando. Kunja nkhuku inali kuitana anapiye, ndipo anaimva. Anamvanso mafunde kudoko. Misozi inangoyamba kutsika yokha, iye akuseka, akuti, "A fundi, Mulungu akudalitseni, ndimayesa ndagontha." Fexon mtima wake unadzaza. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo pakhonde paja, iyi ndiyo inamukomera kuposa zonse.

Masana anakafotokozera mkazi wake zonse, akuonetsa ndi manja mmene kasensako kanalili. Fortunata anamvetsera mpaka kumapeto akusenda chinangwa.

"Baba Zione, a mwenyekiti mwawauza?" anafunsa, pomuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Akadzabwera adzazionera okha, Mama Zione. Adzasangalala."

Fortunata anangopitiriza kusenda.

Tsiku lomwelo madzulo kunabwera asodzi anayi a ku Lituhi kudzalembetsa boti latsopano. Anavula zipewa pakhomo, analowa, anamvetsera, n'kuvalanso zipewazo. Odilia anawaonetsa dzina la boti lawo pa sikirini, koma iwo anati ayi, mayi, musatinamize, makina ndi othima, tidzabwera akadzayaka. Anatsikira kudoko. Pofika Lachitatu m'mawa, nkhani inali yoti Mmalawi watsegula makina a chama eni ake kulibe. Pofika masana, panapezeka munthu amene anamuona akutuluka ndi kanthu kakang'ono m'manja. Pofika madzulo, kanthu kakang'onoko kanali katakula kukhala injini yonse, ndipo inali itakwera kale boti la ku Nkhata Bay itakulungidwa m'chitenje. Anthu ake ndi omwewo amene dzana ankati shemeji, shemeji, foni yanga yagwera m'madzi. Zimapsetsa mtima.

Lachinayi a mwenyekiti anafika, ndipo tsoka lake sanabwere okha. Anatenga asebere awo awiri a ku Mpepo, anthu olima khofi kumapiri, amene ukwati wonse anakhala akuwauza za makina olira ngati fote hosi. Anawalowetsa mu ofesi monyadira, khamu la kudoko likutsatira pambuyo. Munali zii. Mmodzi wa aseberewo anatsokomola n'kufunsa mwaulemu kuti kodi makinawo ndi ati.

A mwenyekiti manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Shemeji, ndinakusiyirani injini ikulira."

"Ikugwira ntchito, Mzee. Panopa ndiye ikugwira bwino kuposa kale." Fexon anafotokoza za kasensa konama, za timafani tothamanga ndi mantha, za 127 ndi 24. Anatsegula kabokosi ka machesi n'kuonetsa nkhungu. Wina m'khamumo anati nkhungu zili paliponse, ngakhale iye akhoza kudzaza thumba. Odilia anaimirira n'kulumbira pa dzina la Mulungu kuti anaona zonse ndi maso ake, palibe chimene chinachotsedwa. Anaonetsa mayina a maboti onse pa sikirini, kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

"Mwana wanga," anatero a mwenyekiti, "boti likabedwa injini, dzina lake limakhalabe lolembedwa m'mbalimo. Dzina si injini."

Anthu anavomereza kuti pamenepo Mzee wanena zoona. Fexon anaimbira Godlisten kuti afotokoze yekha. Foni inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, ndipo kunabwera uthenga woti ali m'semina, aimba mwezi wamawa.

A mwenyekiti si munthu wankhanza, ndipo chimene anachita pamenepo anachichita mwachifundo, malinga ndi mmene amachitira kudoko ukonde kapena nyali ikasowa. Wakuba samugwira pamaso pa anthu ngati ndi munthu wodziwika. Amamupatsa mpata woti abweze mobisa, aliyense atayang'ana kumbali, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Tonse tituluka," anatero ndi mawu ofatsa. "Titseka chitseko. Palibe amene aone chimene mutulutse m'thumba. Injini ikalira, khonde ndi lanu monga kale. Ikapanda kulira, ine ndilibenso mawu, Mmalawi. Nkhani ipita kupolisi, ndipo tebulo lanu mulinyamule lero."

Anatuluka onse, Odilia pomalizira, ndipo chitseko chinatsekedwa.

Fexon si chitsiru. Anaona msamphawo mbali zonse ziwiri. Seva ikakhala chete, iye ndi wakuba wokana kubweza. Ikalira, ndi wakuba amene wabweza. Njira yachitatu panalibe, chifukwa munthu yekhayo amene akanamumasula anali ku Songea akudya masamusa a m'semina. Anaima pamenepo mphindi khumi akumvetsera kampweya kaja, ntchito yabwino ya manja ake. Anaganiza za Zione, mwana wake, amene anali folomu 3 ndipo ankadya kuchokera pa tebulo lopendekera lija. Anaganiza za Fortunata akutsika kudoko ndi beseni la mandazi, mwamuna wake ali m'chitokosi. Mtima unamuwawa koopsa, ndipo anachita mantha.

Anachotsa chivindikiro, anapisa zala ziwiri kuseri kwa kagetsi kabuluu, n'kuzula kawaya ka sensa. Kanali koyamba m'moyo wake kuwononga chinthu mwadala. Seva inafufuza kasensa kake, inakasowa, ndipo timafani tonse tisanu tinadzuka nthawi imodzi.

Kunja kunamveka m'manja ndi nthungululu. Chitseko chinatseguka, a mwenyekiti analowa manja ali tambasu n'kumukumbatira. Aseberewo anavomereza kuti zoonadi, makina otere kumapiri kulibe.

"Munthu amalakwa, shemeji," a mwenyekiti anamukuwira m'khutu, anthu onse akumva. "Satana amayesa aliyense. Chachikulu mwabweza. Ine ndakhululuka, ndipo pasapezeke wina wokutchulani wakuba pamaso panga."

Odilia anali ataima pakhomo. Anadikira kuti anthu achepe, n'kuyandikira Fexon mpaka pakhutu.

"A fundi, ine ndinalumbira chifukwa cha inu."

Anapita kukakhala pa tebulo lake, mapazi awiri kuchoka pa seva, ndipo kuyambira tsiku limenelo moni wake unali wa mutu basi. Komiti inamuchenjeza kuti asadzaikirenso umboni zinthu zimene sakuzidziwa.

Khonde linakhaladi la Fexon monga analonjezera a mwenyekiti, ndipo mawu oti shemeji anabwerera m'kamwa mwa anthu. Lachisanu m'mawa anayala zida zake pa tebulo nthawi yake yomwe ija. Woyamba kufika anali Mama Pendo, mayi wachikulire wogulitsa tomato, amene wakhala akubweretsa wailesi yake imodzimodziyo pakhondepo kwa zaka khumi ndi zinayi. Anapatsana moni bwinobwino, anafunsana za ana.

"Isiyeni, mayi, mudzaitenge madzulo pochoka kumsika."

"Ayi, shemeji, lero ndilibe changu. Ndidikira pompano."

Anakoka benchi n'kukhala moyang'anizana naye, pafupi kwambiri. Fexon anatembenuza wailesiyo n'kumasula kamsomali koyamba. Asanakaike pa tebulo, Mama Pendo anali atatambasula kale chikhatho. Iye anachiyang'ana chikhathocho kanthawi, n'kuikamo kamsomaliko. Mayiyo anafumbata, n'kudikira kachiwiri.